Malata Amene Anapita ku Kilwa

Mpaka lero ndikamva fungo la lata lotentha likulandira madontho oyamba a mvula, mano anga amalumana okha. Ndi fungo la fumbi, dzimbiri ndi chitsulo chimene chapsa ndi dzuwa tsiku lonse, ndipo limandibweza ku Mbedza, chaka chimene ndinali mu Sitandade 5, matipate atangoyamba kumene. Nyumba yathu inali pamalo a makolo a amayi, kumunsi kwa phiri la Zomba. Inali yazidina koma yofolera ndi malata, ndipo pamzere wathu wonse yamalata inali yathu yokha. Mwezi wa Okutobala denga lija linkathetheka lokha masana, nyenje zikulira mumtengo wa mango kuseri, phiri likufuka utsi wa malupsa.

Anafolera nyumbayo ndi ababa eni ake, ine ndili wamng'ono ndithu. Ntchito yanga inali yowapatsira misomali kuchokera m'chitini, iwo atakhala pamwamba, thukuta likudontha pachibwano. Tsiku limenelo anandiphunzitsa chinthu chimodzi. "Enelesi, lata lili ndi mitunda ndi ngalande. Msomali umakhomedwa pamtunda. Ukaboola m'ngalande, wayitanira mvula m'nyumba." Mawu amenewa ndinawasunga, monga mwana aliyense amasungira zimene bambo wake wanena ali pamwamba pa denga.

Matipate atabwera, aliyense anasanduka wageni. Azibambo a kwathu ankakwera mabasi a ku Tanzania kukaoda zitenje, masilipasi ndi timawailesi tolira sabata imodzi. Ababa anapita kawiri n'kubwera. Ulendo wachitatu ananena kuti apitirira mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja yamchere, kumene ankati mchere amangotapa pansi ngati mchenga. Dzina limeneli ankalitchula monyadira, chifuwa chili patsogolo. Ankati agogo awo ankasenza katundu wa amalonda akale kuchoka kuno wapansi mpaka ku Kilwa, n'kubwerako ndi nsalu ndi mikanda, choncho njirayo inali m'magazi mwawo.

Amayi ankalidziwanso dzinalo, koma mwa mtundu wina. Makolo awo anachokera ku Mozambiki, ndipo anabwera ndi kalankhulidwe kena kamene ine ndinkangokamva osafunsa. Nkhuku ikatengedwa ndi kabawi, kapena mpeni ukasowa osapezekanso, amayi ankangoti, "Chapita ku Kilwa chimenecho." Kwa iwo chinthu chopita kumeneko sichinkabwerera. Tsiku limene ababa ananyamuka, amayi anawakazingira mtedza, anawaperekeza mpaka pamsewu, n'kubwerera kunyumba.

Dzinja linadutsa, chimanga tinakolola tokha, ababa osaoneka. Anthu anayamba zawo. Ena ankati anamira, ena ankati ali m'ndende, ndipo amayi a kutchalitchi ankabwera kudzapemphera nafe koma maso awo ali pamalata. Pomaliza amalume anga a Dayitoni, mlongo wawo wa amayi amenenso anali nkhoswe ya ukwatiwo, anagulitsa njinga yawo n'kunyamuka kukafunafuna alamu awo. Njinga imeneyo ndi imene inkawadyetsa, chifukwa ankanyamulira makala. Anabwerako patapita milungu, ataonda, milomo itasweka ndi malungo, nsapato imodzi itamangidwa ndi waya.

Anakhala pakhonde, anamwa madzi chikho chonse, kenako anati, "Achemwali, mizinda ya dzina limeneli ilipo itatu." Anafotokoza pang'onopang'ono, akupuma. Wina uli pachilumba, wa mabwinja a nyumba zamiyala zimene anamanga mafumu akalekale, ndipo ndi umene unayamba kutchedwa dzinalo. Wina ndi wa msika, kumene basi imakathera. Wachitatu amautcha Kilwa Kivinje, mzinda wa asodzi, wa nyumba zakale zogumuka. Iwo anafufuza wa msika wonse, khomo ndi khomo. Anawolokera pachilumba pabwato, akusanza njira yonse. Wachitatu sanafikeko, chifukwa malungo anawagwetsa ndipo m'thumba munangotsala ya basi yobwerera. Inu mwadziwa kale kumene ababa anali.

Kuyambira tsiku limenelo ndinadana nalo dzinali ndi mtima wanga wonse. Ndinkaliona ngati una wa mbewa, woti ukamakumba uku, mwini wake akutulukira kwina. Loweruka lililonse ndinkakwera phiri ndi amayi kukaoda masitiroberi ndi mapichesi oti tikagulitse mtauni. Tikafika pamwamba, pamene mphepo imanunkhira paini, ndinkayima pamwala n'kuyang'ana kum'mawa, kupitirira nyanja ya Chilwa imene inkanyezimira kutali. Ndinkakhulupirira kuti Kilwa ali kuseri kwakeko. Ndinkalavula malovu molozetsa kumeneko katatu, kuti mzinda uliwonse ulandire gawo lake.

Ndiye Okutobala uja, amayi ena ogulitsa tomato anabwera ndi nkhani kuchokera kumsika wa Songani. Ababa ali moyo, ananenepa, ndipo abwera. Koma sanafikire kunyumba. Anachita lendi kamalo m'mbali mwa msewu ku Songani komweko, n'kumangapo golosale ya njerwa zootcha ya zipinda ziwiri, kutsogolo kogulitsira, kumbuyo kogona. Denga linali lisanafoleredwe, koma chikwangwani chinali chitakhomedwa kale, zilembo zobiriwira zazikulu, Kilwa Golosale. Anabweranso ndi mkazi, dzina lake a Zuhura, wofunda nsalu kumutu, wosadziwa Chinyanja, ali ndi pakati pooneka. Amayi anamva zonsezi akusankha nyemba m'lichero, ndipo sanasiye kusankha.

Ababa anatulukira m'mawa wina, atavala malaya oyera ataliatali, kumbuyo kwawo kuli anyamata awiri onyamula makwerero ndi chitsulo chozulira misomali. Ine ndinathamanga kuti ndikawalandire, mtima wopusa wa mwana. Anandigwira pamutu ngati akuyesa dzungu pamsika, n'kunena kuti ndakula, maso ali padenga. Amalume anaitanidwa msangamsanga. Anakhala pansi pa mango, ndipo amalume anayankhula za mwambo, kuti mkamwini akamachoka amasiya nyumba kwa mkazi ndi ana, amangonyamula zovala zake ndi nkhwangwa. Ababa anamvetsera mpaka kumapeto, akutokosa m'mano.

"Nyumba ndasiya, alamu," anatero. "Zidina ndi dothi la kwanu, sinditengako ngakhale chimodzi. Koma malata ndi thukuta langa."

"Mvula ili pafupi, bambo a Enelesi," anatero amayi.

"N'chifukwa chake ndabwera lero," anayankha ababa.

Sindidzaiwala kulira kwa misomali ikamazulidwa. Umodzi uliwonse unkalira ngati kagalu kopondedwa. Lata loyamba litachoka, dzuwa linalowa m'chipinda cha amayi, malo amene linali lisanalowepo, n'kuonetsa zonse poyera, mphasa yong'ambika, chitini chokodzera usiku, bulauzi yoyera ya kutchalitchi imene mwaye ndi manyi a makoswe zinkagwerapo. Anansi anaima m'mphepete mwa mpanda, ena manja ali pakamwa, ena akubisa kumwetulira, chifukwa nyumba yamalata ija inkawawawa kuyambira kale. Pofika masana nyumba yathu inali itangotsala mapaso okhaokha. Ine sindinalire. Ndinkafuna kuti munthu wina amve kuwawa, ndipo ndinkadziwa kuti munthuyo ndi ndani.

Galimoto ya matola imene anapangana nayo inawonongeka ku Chinamwali, choncho malata anawasanja kuseri, pansi pa mango, kuti adzawatenge mkuja. M'mawa mwake amayi ndi amalume analawirira kukafuna udzu wofolerera. Ine anandisiya kuti ndizilondera katundu, popeza nyumba inali pululu. Kutsidya kwa kanjira kwathu kunali bambo wina wokhoma ndowa ndi mbaula, amene ankayamba kugogoda zitsulo dzuwa likangotuluka mpaka kulowa. Tinali titamuzolowera moti sitinkamumvanso. Tsiku limenelo ndinamumva bwinobwino, ndipo ndinamuthokoza mumtima.

Ndinatola msomali umodzi mwa imene inagwa pansi, ndinauwongola pamwala, n'kutenganso mwala wina wokwana m'dzanja. Malata ndi olemera, koma ukamakoka limodzilimodzi amatsetsereka okha. Ndinkalikokera pansi pofewa, n'kuyika msomali m'ngalande, pakati penipeni, pamene ababa ananena kuti madzi amayenda. Bambo wa ndowa akamenya, nanenso ndinkamenya. Bowo ili ndi la njinga ya amalume. Ili ndi la bulauzi ya amayi. Ili ndi la Kilwa wa pachilumba, ili la wa msika, ili la wachitatu uja. Zifukwa zitandithera ndinapitiriza kuboola popanda zifukwa. Mwala unaphonya kamodzi n'kundimenya chala chachikulu, magazi anaundana pansi pa chikhadabo, koma ndinangochiyamwa n'kupitiriza.

Ndinadziwa kuti munthu akaima m'nyumba n'kuyang'ana kumwamba, mabowo amaonekera ndi kuwala. Ndiye ndinakanda katondo wa pachulu ndi madzi pang'ono, n'kumata bowo lililonse ndi chala, mbali zonse ziwiri. Katondo akauma pa lata lakale amangooneka ngati dzimbiri. Dzuwa la Okutobala linandithandiza, linaumitsa zonse nthawi yomweyo. Ndinasanjanso malata mmene analili, ndinasesa pansi, ndinasamba m'manja. Matola atabwera, ndinathandiza nawo kunyamula, ndipo ababa anandiyamikira kuti ndine mwana womvera.

Udzu unavuta. Amene amafolera ndi udzu amamweta mwezi wa Juni, ndipo pofika Okutobala wotsala umakhala utapsa ndi malupsa. Amayi anayenda mpaka kutsidya kwa mtsinje wa Likangala, kupempha mtolo uku, kugula mtolo uko. Umene anapeza unangokwana chipinda chimodzi. Kwinako amalume anayala pepala lakuda lapulasitiki, n'kulipsinja ndi miyala ndi matayala akutha. Aliyense ankadziwa kuti zidina zikanyowa kuchokera pamwamba zimasungunuka ngati chigumu choviikidwa mu tiyi. Amayi akamapemphera madzulo ankapempha Mulungu kuti agwire mvula kaye mpaka tipeze udzu wina. Ine ndinkagwada pambali pawo, maso otseka, ndikupempha kuti igwe mawa lomwe, ndipo igwe yambiri. Ndinkadziwa kuti mvula yomweyo idzatigwetsera nyumba, koma sindinasinthe pemphero.

Mulungu anamva langa. Inabwera Lachinayi masana, osati chizimalupsa chongonyowetsa fumbi, koma mvula yeniyeni ya ku Zomba. Phiri linayamba lasowa m'mitambo yakuda, mphepo inazizira mwadzidzidzi, nyenje zinakhala chete. Kenako inakhuthuka. Pepala lapulasitiki linang'ambika mphepo yoyamba yomwe, n'kukakodwa mu mango. Tinakokera zonse m'chipinda cha udzu chija, ine, amayi, nkhuku, thumba la chimanga, ndipo tinamva madzi akuyenda m'makoma. Chakumadzulo khoma la kuchipinda chochezera linagwa, osati ndi phokoso lalikulu, linangokhala pansi ngati munthu wotopa. Amayi anagwira mutu. Ine ndinkayang'ana kumpoto, kumene mitambo inkalowera, ndikuwerengera mumtima kuti ifika nthawi yanji ku Songani.

Nkhani inafika mawa lake ndi amayi a tomato omwe aja, ndipo ankaifotokoza mokoma, akuwomba m'manja. Tsiku la mvulalo ababa anali atapita ku Limbe kukaoda sopo. Chipinda chogulitsira anachikhoma ndi loko n'kutenga kiyi, chifukwa mkazi wawo watsopanoyo sankamukhulupirira pa katundu. Katondo wanga anagwira kanthawi kochepa, kenako anasungunuka, ndipo denga lonse linatseguka maso. A Zuhura anali kuchipinda chakumbuyo, madzi akuwathira pamutu, akumva katundu akunyowa kuseri kwa chitseko chimene sakanatha kutsegula. Matumba a mchere amene ababa anavutika nawo kuchokera kunyanja anasungunuka n'kutulukira pansi pa chitseko. Shuga, ufa wa mandasi, machesi, zonse zinapita. Anthu ankangoti choipa chitsata mwini.

Tsiku la msika ndinaumirira kuti ndiperekeze amayi kukagulitsa mapichesi ku Songani. Ndinkafuna kuona ndi maso anga, ndipo ndinaona. Pakhomo pa golosale panali poyera ndi mchere wouma, njuchi zikuzungulira mapaketi a shuga ong'ambika. Ababa anali pamwamba pa denga, malaya oyera aja atadetsedwa, akulalatira anyamata amene anafolera. Chikwangwani chinali chitapendekeka, utoto wobiriwira ukutsika m'zilembo. Ndikuuzeni zoona, pichesi limene ndinadya nditaima pamenepo ndi lokoma kuposa onse amene ndinadyapo moyo wanga wonse.

Pambali pa nyumbayo, mayi wina wamng'ono thupi, mimba ili patsogolo, ankayanika mabokosi a machesi pamkeka, limodzilimodzi. Ankatsokomola. Pafupi naye panali matiresi onyowa atatsamira khoma. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana, kenako maso ake anatsikira pa dzanja langa logwira pichesi, pa chikhadabo chakuda chija. Anapitiriza kuyanika machesi aja. Ine ndinabisa dzanja kumbuyo, koma pichesi ndinalimaliza.

Golosale ya Kilwa sinatsegulidwenso. Ababa anayamba ndi kunena kuti anyamata ofolera ndi mbuli, kenako anati amayi anawalodza, kenako anasiya kunena. Khirisimasi isanafike ananyamuka, akuti akukatenga katundu wina kunyanja, abwera posachedwa. Kaya anapita ku Kilwa uti mwa atatu aja, palibe anagulitsanso njinga kuti akafufuze. A Zuhura anawasiya m'chipinda chodontha chija, opanda chinenero, opanda m'bale, mwezi wawo uli pafupi.

Linali tsiku la mitambo, ine ndikupalira chimanga kuseri, pamene ndinamva ngolo ikulira m'kanjira kathu. Inali yodzaza malata. Kumbuyo kwake kunkayenda a Zuhura, pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno, kachikwama kali pamutu. Mwini malo a golosale ija anawathamangitsa n'kutenga makoma, koma iwo anakakamira malata, ndipo anapereka ndolo zawo kwa mwini ngolo. Anafika pakhomo, anagwada movutikira, n'kunena mawu ochepa amene anawaphunzira. "Mama, malata anu."

Ndinkayembekeza kuti amayi atenga munsi. Anawayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumutu mpaka kumapazi otupa. Kenako anandiuza kuti ndibweretse mpando ndi madzi akumwa. Ndinabweretsa, koma chikho ndinachiika pansi mwamphamvu kuti madzi atayikeko. A Zuhura anakhala nafe dzinja lonselo. Mwana anabadwira m'chipinda cha udzu chija, wamwamuna, makutu ake a ababa enieni. Mvula itatha, amalume anawapezera malo pa lole ya amalonda opita ku Tanzania, ndipo sitinamvenso za iwo.

Khoma analikonza amalume, malata anawabwezera padenga. Ali pamwamba anaona mabowo m'ngalande zonse, kenako anaitana amayi kuti akwere pamakwerero adzaone. Anamata mabowo ndi phula la pamsewu ndi majumbo osungunula, koma anali ambiri, ndipo phula likapsa ndi dzuwa limasweka. Mvula yotsatira, nyumba yathu inkalira mabeseni, mapoto ndi zitini. Podontha kwambiri panali pakona ya chipinda chochezera. Madzulo amenewo amayi anatenga mphasa yanga, anaikoka kuchoka pouma pamene ndinkagona, n'kukaiyala pakona pomwepo.

"Uzigona apa," anatero. "Mabowowa akukudziwa."

Sanandimenye, sanandifunse, ndipo sitinakambiranepo za nkhaniyi mpaka anamwalira. Ndinagona pamenepo madzinja onse mpaka ndinapita ku sekondale, beseni lili kumutu, chitini chili kumiyendo. Dontho likagwa pachipumi ndinkakumbukira mchere uja ukutuluka pansi pa chitseko, ndipo ndinkagona ndikumwetulira.

Ndili wamkulu ndi pamene ndinadziwa chifukwa chimene makolo a amayi ankanenera kuti chopita ku Kilwa sichibwerera. Mzinda wachitatu uja, umene amalume sanafikeko, ndi kumene kunkathera njira ya anthu ogwidwa m'mapiri athu ano, omangidwa m'khosi, okagulitsidwa kunyanja. Nsalu ndi mikanda zimene ababa ankanyadira zinkabwera ndi njira yomweyo. Ndili mwana ndinkaganiza kuti dzinali ndi limene linandibera bambo, n'chifukwa chake ndinkalilavulira. Tsopano ndikudziwa kuti dzina siliba munthu. Ababa anapita ndi miyendo yawo, anakatenga mwana wa eni kumeneko, n'kudzamutaya kutali ndi kwawo monga ankachitira akale aja, kungoti ulendo wake unatembenuka. Anthu a kutchalitchi amandiuza kuti ndiwakhululukire, ine ndimangowayang'ana. Mutandibwezera Okutobala uja, n'kundipatsanso msomali ndi mwala, ndikhoza kuboolanso ngalande iliyonse. Kungoti ndikanayamba ndafunsa kuti pansi pake pazigona ndani.